Kodi Inalidi Nthawi Yake? Za Njinga, Msewu ndi Lamulo Lachisanu ndi Chimodzi

Nkhani yathu ndi ya njinga yakapalasa. Ena mufunsa kuti njinga ikufunanji m'magazini ya mpingo, koma pirirani nane, pakuti kumbuyo kwa njingayo kuli funso limene timakumana nalo pa maliro ambiri amene timakaphikako ndi kuimbako.

Njira zopanda galimoto

Ku Ulaya kuli mtundu wina wa tchuthi umene ambiri a ife tingaudabwe. Munthu amasunga ndalama chaka chonse kuti akapalase njinga kwa mlungu wathunthu m'mbali mwa mtsinje kapena ngalande, m'njira zimene galimoto siziloledwa kudutsamo. Njira ina yotchuka kwambiri ndi ya m'mbali mwa mtsinje wa Danube, kuchokera ku Passau m'dziko la Germany kukafika ku Vienna ku Austria, mtunda wa makilomita oposa 300. Mbali yaikulu ya njirayi kale munkayenda akavalo okoka mabwato a katundu ndi zingwe, kavalo ali kumtunda, bwato lili pamadzi. Sitima za injini zitabwera akavalo aja anapuma, ndipo patapita zaka njira zawo zinakonzedwa kuti muziyenda njinga.

Dziko limene lapambana onse pa zimenezi ndi Netherlands. Ndi dziko lachidikha, lopanda mapiri, lodzala ndi mitsinje ndi ngalande zikuluzikulu zokumba anthu. Ngalande ya pakati pa Amsterdam ndi Haarlem, mwachitsanzo, inatsegulidwa mu 1632, ndipo nayo inali ndi kanjira ka akavalo pambali pake. Lero m'dzikomo njinga n'zambiri kuposa anthu, ndipo njira za njinga zokhazokha zimapitirira makilomita 30,000. Agogo amapalasa pamodzi ndi kadzukulu kawo akucheza, osacheukacheuka, osadzidzimuka ndi hutala.

Ndiye tifunse: kodi mlendo amene walipira ulendo wotere wagula chiyani? Madzi, mitengo ndi mbalame ziliko kwina kulikonse. Chimene wagula ndi mtima wokhazikika, kuyenda tsiku lonse osaopa kuti imfa ikubwera kumbuyo kwake.

Njira yathu ya ku mathithi

Ife a ku Livingstone tilinso ndi mtsinje, ndipo ndi Zambezi amene anthu amachokera kutali kudzamuona. Kuchokera m'tauni kukafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi pa mlatho wa 1905 umene umatilumikiza ndi Zimbabwe pali makilomita ngati 10. Msewu wake umaoloka kamtsinje ka Maramba, n'kudutsa m'nkhalango ya nyama, Zambezi ali chapafupi. Opalasa njinga pa msewu umenewu sasowa. Ndi abale athu a malonda amene amamanga matumba a ufa ndi zakumwa pa kaliyala mpaka njinga kubisika, ulendo wa ku malire. M'msewu wa Nakatindi ndi wa ku Lusaka mumadutsa a makala amene amadzuka tambala asanalire kuti afike m'makomboni mwathu dzuwa lisanakwere. Onsewa amayenda m'mphepete mwenimweni mwa phula, malole akuluakulu akuwapitirira pafupi kwambiri moti mphepo ya lole yokha imatha kugwedeza njinga.

Pali chinthu china chimene tonse timachiona nthawi ya chilimwe. Njovu zikamaoloka msewu wa ku mathithi, aliyense amaima. Minibasi imaima, galimoto ya bwana imaima, ngakhale lole imaima mwaulemu, ndipo palibe amene amaimba hutala. Njovu zikangodutsa, galimoto zomwe zija zimayamba kuopseza wanjinga kuti atsike m'phula. Apa mpamene pamaonekera lamulo lenileni la m'misewu yathu: timapatukira chimene chingatipweteke, ndipo chimene ife tingachipweteke timayembekeza kuti chitipatukire. Limeneli ndi lamulo la kutchire. Funso nali: kodi Mkhristu angakhale nalo mwamtendere?

Mawu a pa maliro

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Linanenanso kuti kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe matenda amene amapha kuposa msewu. Ife sitifuna chiwerengero kuti tikhulupirire. Tonse tinagonapo pa siwa ya munthu amene anachoka m'mawa ali bwinobwino.

Pa maliro otero mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Inali nthawi yake." Ena amati, "Mulungu anafuna choncho." Mawu amenewa sitingawataye, chifukwa ali ndi mizu m'chikhulupiriro chathu. Katekisma wa Heidelberg, pa Funso 27 ndi 28, amatiphunzitsa za chisamaliro cha Mulungu: kuti palibe chotigwera mwamwayi kapena mwatsoka chabe, kuti thanzi ndi matenda, moyo ndi imfa zili m'dzanja la Atate. Mayi amene waika mwana m'manda akagwira chiphunzitso chimenechi amapeza poimira. Munthu wochotsa chitonthozo chimenechi pakamwa pa wamasiye ndi wankhanza.

Koma mawu omwewo amasintha fungo malinga ndi amene akuwalankhula. Akawalankhula mayi woferedwa, ndi chikhulupiriro. Akawalankhula dalaivala amene amathamanga atamwa, kapena mwini galimoto amene amadziwa kuti mabuleki anatha, kapena munthu waudindo amene anauzidwa kangapo za malo oopsa, pamenepo dzina la Mulungu lasanduka chofunda chobisira mlandu. Ndipo akawalankhula mpingo wonse chaka ndi chaka, n'kubwerera kunyumba osasintha kanthu, tiyenera kudzifunsa ngati tikutamanda Mulungu kapena tikungodzipeputsira katundu.

Baibulo silipatsa munthu mpata wotero. Yosefe anauza abale ake kuti Mulungu anasandutsa choipa chawo kukhala chabwino, koma sanaleke kuchitcha choipa (Genesis 50:20). Petro pa Pentekoste ananena kuti Yesu anaperekedwa monga mwa uphungu wa Mulungu, ndipo m'mpweya womwewo anauza omvera ake kuti iwo ndiwo anamupha (Machitidwe 2:23). Paulo pa nyanja anali atalonjezedwa kuti palibe adzafe m'chombo, komabe ataona amalinyero akufuna kuthawa anachenjeza kuti akachoka, otsalawo sapulumuka (Machitidwe 27:31). Mulungu amene amaika mathero ndi yemweyo amene amaika njira yofikira kumeneko, ndipo kawirikawiri njirayo ndi manja a anthu. Ulamuliro wake sufafaniza udindo wathu.

Nkhwangwa, ng'ombe ndi denga

Ife timatcha zonse "ngozi", koma chilamulo cha Mose chimasiyanitsa. Pa Deuteronomo 19:5 pali anthu awiri amene apita kukadula mitengo, nkhwangwa n'kuguluka mumpini n'kupha mmodzi. Wakuphayo sanafune ndipo sanadziwe, choncho amapatsidwa mudzi wothawirako. Iyi ndiyo ngozi yeniyeni. Pa Eksodo 21:28-29 pali ng'ombe yogunda munthu. Ngati ndi koyamba, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati ng'ombeyo inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake n'kuchenjezedwa, iye osaitsekera, imfayo ili pamutu pake. Chasiyanitsa milandu iwiriyi ndi kudziwa. Pa Deuteronomo 22:8 chilamulo chikupita patsogolo. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga athyathyathya amene anthu ankakhalapo ndi kugonapo, ndipo womanga nyumba yatsopano analamulidwa kuzunguliza kampanda pa dengalo, kuti wina akagwa nyumbayo isakhale ndi mlandu wa mwazi. Taonani kuti pano palibe amene wagwa kale, ndipo mwini nyumba sanakankhe munthu. Mlandu wake ukanakhala wa chinthu chimene sanamange.

Katekisma wathu anamva bwino zimenezi. Pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, pa Funso 105 mpaka 107, sakuima pa kupha ndi manja. Akuletsa kuvulaza mnzathu ngakhale kudzera mwa munthu wina, akuletsa kudziika tokha pa choopsa mwadala, akunena kuti boma lapatsidwa mphamvu kuti liletse kupha, ndipo akutiuza kutchinjiriza mnzathu ku choipa momwe tingathere. Choncho munthu angathe kuswa lamulo limeneli asanagwirepo mpeni chibadwire.

Tikabwera nazo pa msewu, zikutanthauza izi. Malo amene pagundidwa anthu kawiri, katatu, ndi ng'ombe yodziwika kuti imagunda. Msewu watsopano umene wamangidwa wopanda podutsa wanjinga ndi woyenda pansi ndi denga lopanda kampanda. Imfa zochitikira pamenepo si zonse zimene tingaziike m'gulu la nkhwangwa yoguluka.

Zimene makolo a ku Netherlands anachita

Tingaganize kuti anthu a ku Netherlands anabadwa ndi njira zawo za njinga, koma si choncho. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dzikolo linalemera, galimoto zinachuluka, ndipo misewu inakuzidwa mopanikiza njinga. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pa misewu ya dziko laling'onolo, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Mmodzi wa anawo anali mwana wamkazi wa mtolankhani wina, Vic Langenhoff, amene anagundidwa akupalasa njinga kupita kusukulu. Mu 1972 bamboyo analemba nkhani m'nyuzipepala, ndipo mutu wake unasanduka dzina la gulu la makolo, Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Mtsogoleri woyamba wa gululi anali mayi wachitsikana wa mwana wamng'ono, Maartje van Putten. Amayi ndi ana ankatseka misewu, kuika matebulo pakati pa phula, ndi kupita kwa akuluakulu a boma kukapempha liwiro lochepa ndi njira zapadera.

Kumapeto kwa 1973 mafuta a galimoto anasowa, boma n'kuletsa galimoto kuyenda masiku a Sabata kwa milungu ingapo. Anthu anaona misewu yawo ili phee, ana akuseweramo, ndipo anakumbukira chimene anataya. Kuyambira zaka zimenezo matauni anayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za galimoto. M'zaka zaposachedwa anthu ofa pa misewu ya dzikolo safika 800 pa chaka, ngakhale anthu ndi galimoto zachuluka kuposa kale. Malamulo awo nawonso amaika katundu wolemera pa wamphamvu: galimoto ikagunda mwana wosafika zaka 14, chipukutamisozi chonse chimakhala kwa wagalimoto, pokhapokha ngati mwanayo anachita dala.

Gulu lija silinali la mpingo. Koma ife a Reformed tili ndi chifukwa chotchera khutu, pakuti mizu yathu imafika m'dziko lomwelo. Amishoni amene anayamba ntchito ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899 anachokera ku mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State, ndipo Katekisma amene timaphunzitsa ana athu anavomerezedwa ndi Sinodi ya ku Dordrecht ya 1618 mpaka 1619. Chimene makolo aja anachita ndicho chimene Funso 107 limatiuza. Anayamba ndi kusintha dzina la chinthucho. Pamene ena ankati ngozi, iwo anati kupha, ndipo chinthu chikatchedwa kupha sichingasiyidwe kuti chipitirire.

Mafunso oyenera kuyankhidwa

Wina adzati, "Amenewo ndi olemera, ife ndalama za njira za njinga tizitenga kuti?" Funsoli n'loona ndithu, ndipo sitingayerekeze thumba la Zambia ndi la Netherlands. Koma lamulo la kampanda linaperekedwa kwa alimi ndi abusa a ziweto amene analibe chuma chambiri, ndipo linanena za nyumba yatsopano, nthawi imene kuwonjezera kampanda n'kosavuta. Misewu timamanga kale. Tauni yathu inakonzedwa misewu pokonzekera msonkhano waukulu wa zokopa alendo wa UNWTO mu 2013, ndipo mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021 uli ndi podutsa oyenda pansi. Zikusonyeza kuti munthu wopanda galimoto akakumbukiridwa pa nthawi yolemba mapulani, malo ake amapezeka. Komanso zina zopulumutsa moyo n'zotchipa. Akatswiri amati galimoto ikagunda anthu pa liwiro la makilomita 30 pa ola, 9 mwa 10 amapulumuka, koma pa liwiro la 80 chiyembekezo n'chochepa kwambiri. Kuchepetsa liwiro pafupi ndi sukulu ndi msika sikufuna ngongole ya kunja.

Wina adzatinso, "Anjinga omwewo ndiwo osasamala. Amayenda usiku opanda nyali, mabuleki ndi chidendene, katundu wotambalala ngati ngolo." Izinso n'zoona, ndipo Katekisma sawamasula, chifukwa kudziika pa choopsa mwadala ndi tchimo. Ambuye mwini anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi modalira angelo (Mateyu 4:5-7). Koma kulakwa kwa awiriwa sikulemera mofanana. Wanjinga akalakwa amafa yekha. Walole akalakwa amafa wina. Amene wanyamula mphamvu yopha ndiye ayenera kunyamula kusamala kokulirapo, monga momwe m'nyumba timayembekezera zambiri kwa mkulu wogwira mpeni kuposa kwa mwana woyenda pafupi naye. Tidzifunsenso chimene chimam'chititsa wamakala kumanga matumba ochuluka chotero. Mwina china ndi ife amene timanenerera mtengo pa geti mpaka phindu lake litatsala la mchere wokha.

Funso lachitatu silinenedwa mokweza, koma lili m'mitima. Kwathu kuno njinga timaiona ngati chizindikiro cha umphawi, chinthu chimene munthu amasiya Mulungu akamudalitsa. Timachitira umboni galimoto, njinga ayi. N'chifukwa chake opanga ziganizo sakumbukira wanjinga: iwo anatsikapo kale, ndipo ana awo sakwerapo. Komatu njinga yatumikira dziko lino mokhulupirika. Ambiri a ife ochokera kum'mawa tikukumbukira njinga za Eagle zimene zinkapangidwa ku Luangwa Industries ku Chipata, ndi alaliki amene ankayendera mipingo ya kumidzi pa njinga. Pa nthawi imene Edzi inavuta kwambiri, bungwe la World Bicycle Relief linagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala m'makomo muno m'Zambia, ndipo pambuyo pake linayamba kupatsa njinga ana a sukulu, makamaka atsikana. Ife ophunzitsa ku sekondale timadziwa kusiyana kwa mtsikana wofika m'kalasi atayenda maola awiri wapansi ndi wofika pa njinga. Koma tikamupatsa njinga, n'kumutumiza pa msewu umene mulibe malo ake, tamuthandiza theka. Yakobo anadzudzula mpingo wopatsa mpando wabwino munthu wovala zokongola n'kuimiritsa wosauka (Yakobo 2:1-4). Msewu umene umapereka phula lonse kwa wagalimoto n'kukankhira wanjinga m'fumbi ukuchita tsankho lomwelo.

Nanga ife tichitenji?

Tiyambe pakhomo. Njinga ya mwana kapena ya bambo ikhale ndi mabuleki ogwira, belu, nyali ndi zonyezimira kumbuyo, ndipo wopalasa m'bandakucha kapena madzulo avale chowala. Chigwirizano chimene chimatha kusonkha ndalama za maliro chingathenso kusonkha za nyali za njinga za ana a mumpingo. Madzi akatayika saoleka.

Amayi amene Mulungu watidalitsa ndi galimoto, ndi ife okhala pambali pa amuna athu akamayendetsa, tikumbukire kuti chiwongolero ndi udindo. Wanjinga timupatse mpata wokwanira pomupitirira, ndipo ngati mpata palibe tidikire, monga timadikirira njovu. Kuchedwa ku mapemphero ndi mphindi ziwiri si tchimo. Mu minibasi tisakhale chete dalaivala akamathamanga kapena akamalankhula pa foni. Mayi mmodzi akadandaula amamuseka, koma amayi anayi akalankhula pamodzi galimoto imachepetsa liwiro.

Kenaka tituluke pa geti. M'dera lililonse amayi amadziwa malo amene pamagundidwa anthu, chifukwa ndife timapita ku maliro ake. Tilembe malowo, masiku ake ndi zimene zinachitika, osatchula maina a oferedwa popanda chilolezo chawo. Tipite nazo kwa abusa ndi akulu a mpingo, kenaka kwa khansala, ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, ku khonsolo ndi ku RTSA. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zopempha zake zimayambira kwa anthu a m'deralo. Tingapemphe zitunda zochepetsa liwiro pa sukulu, mizere yoolokera, magetsi a mumsewu, ndi kanjira ka njinga pamene msewu ukukonzedwa. Mwini ng'ombe akauzidwa ndi kalata, sangadzanenenso kuti sanadziwe. Ndipo tingafunse molimba mtima chifukwa chimene tauni yolandira alendo ngati yathu isakhalire ndi njira ya njinga yochoka m'tauni kukafika ku mathithi, imene mlendo angasangalale nayo, wamalonda n'kupulumukiramo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo wanjinga amene wadutsa pakhomo panu lero m'mawa ndi mwana wa mayi wina.

Pa maliro tipitirize kutonthoza ndi chisamaliro cha Mulungu, pakuti n'choona ndipo oferedwa amachifuna. Koma Nehemiya pomanga linga anapemphera kwa Mulungu n'kuikanso alonda usana ndi usiku (Nehemiya 4:9), ndipo sanaone kutsutsana pakati pa ziwirizi. Tikabwera kumanda, tisanachotse maduku athu, tifunsane kuti munthuyo anagundidwira pati, ndani anagundidwapo kale, ndipo ndani apite kukanena mlungu uno. Ambuye atipatse mtima wachifundo ndi pakamwa polimba.